Mjigo Wouma Umene Makina Ankati Wakonzedwa

Mdzukulu wanga wamkazi, mwana wa mwana wanga woyamba, adabwera kumudzi dzuwa litayamba kuwotcha, atanyamula laputopu ndi kasola kakang'ono. Adaphunzira za makompyuta kutauni, koma zaka ziwiri zidatha akungoyenda ndi makalata ofunsira ntchito osapeza kanthu. Tsono bungwe lina loona za madzi kuno kwa Kachindamoto lidamuuza kuti apange chinthu chotsatira nacho mijigo yowonongeka, achiyese mwezi umodzi m'midzi isanu. Chikayenda bwino amulemba ntchito. Chikakanika, basi, abwerere kumene adachokera.

Kale mjigo ukafa, a komiti ankalemba kapepala n'kupatsa wa kabaza wopita ku Mtakataka. Kapepalako mwina kafike, mwina kaphwanyike ndi thukuta m'thumba. Palibe ankadziwa kuti wauzidwa ndani, abwera liti, kapena adabwera kale ife tili kumunda.

"Agogo," adatero mdzukuluyo, "mjigo umodzi ukafa, imeneyo ndi ntchito imodzi, yokhala ndi nambala yake. Imatsegulidwa, imapatsidwa kwa makaniko, ndipo siyitsekedwa mpaka munthu wa m'mudzimo atavomera kuti yathadi. Pamenepo palibe angabise."

Ndidamufunsa kuti chinthucho akagula kuti. Adati sichigulidwa. Anthu ena akutali adalemba kale malemba ake, amene iye amati khodi, n'kuwaika poyera kuti wofuna atenge. Koma zimene umatengazo ndi matabwa ndi misomali, chitseko ayi. Chitsekocho uyenera kukhoma wekha, n'kupala pano ndi apo kuti chikwane pakhomo pako.

Kutengako ankatengera pachulu cha kuseri kwa khola la mbuzi, poti netiweki kwathu imapezeka pamenepo basi. Ankakhala pamwamba pake atafunda chitenje kumutu, dzuwa likuswa mtengo. Akatsika ankakhala pakhonde panga n'kuyamba kumanga, poti iye amati kumanga. Ine sukulu sindidapiteko, ndipo izi ndikungoyankhula, wolemba ndi wina. Koma mitundu ndimaiona. Malemba ankathamanga pagalasipo ngati nyerere zasokonezedwa, kenaka n'kuima, n'kufiira.

"Mkazi mnzanga," ndinkamuseka, "mwamuna wakoyo wakwiyanso lero?"

"Agogo musandiyankhulitse. Akuti pali kanthu kakusowa, ndikatsitsenso."

Ndiye ulendo kuchulu. Masiku anayi zidali choncho. Tsiku lachisanu chinthucho chidamangika, koma iye sadasangalale. Adati kwatsala mayeso. Mkati mwa khodimo muli timafunso tambirimbiri timene makinawo amadzifunsa okha: ntchito ikatsegulidwa ikuoneka kodi, ikapatsidwa kwa munthu uthenga ukumufika kodi, ingatsekedwe kodi mwini wake asanavomere. Yankho likakhala labwino mzere umabiriwira, likakhala loipa umafiira. Poyamba idafiira isanu ndi iwiri, ndidawerenga ndi chala. Ankakonza uwu, uja n'kufiira. Tsiku limene yonse idabiriwira adagona chagada pamkeka n'kuseka yekha.

Atatero adanditembenukira. Adati m'mudzi uliwonse mukufunika munthu mmodzi wogwira foni, ndipo kwathu akufuna ine. Ndidakana. Adati, "Ikakugonjerani inu agogo, yagonjera aliyense." Adatenga penti wa m'zikhadabo n'kupaka mabatani awiri a kafoni kanga, limodzi loyera la inde, lina lofiira la ayi. Foni ikalira, munkayankhula mawu ake omwe, amene adajambuliratu, ine n'kungodina.

Tsono makaniko wa mijigo wa dera lathu ndi mkamwini wanga, mwamuna wa mwana wanga womaliza. Chikwatirire pano zaka khumi ndi ziwiri, ine ndi iwo sitidayang'ananepo m'maso. Tikakumana m'njira mmodzi amapatukira patchire. Mawu anga kwa iwo amadzera mwa mwana wanga, awo kwa ine chimodzimodzi. Ndi mkamwini wabwino. Denga langali amafolera ndi iwo, ndipo sindidamvepo akukweza mawu pabwalo pano.

Sabata yachiwiri ya kuyesako mjigo wathu udafa. Ukapopa, chogwirira chinkangopita pansi chopepuka. Ndidadina mmene adandiphunzitsira, ndipo tsiku lisanathe uthenga udawafika akamwini. M'mawa mwake adapita ndi masipanala awo, adazula mapaipi, adabwezera, madzi n'kutuluka. Amayi adatunga. Koma ine nditapita masana ndi kandowa kanga, ndidapopa mpaka mapewa kuwawa, madzi n'kungodontha theka la ndowa. Ndidadziwa kuti pofika mawa kulibe kanthu.

Nditafika kunyumba foni idalira. Mdzukulu adali atapita ku Mtakataka kukatchajitsa laputopu, poti kasola kadali kataleka kugwira ntchito. Akamwini adali pakhonde pawo akudya mango, ndipo khonde lawo ndi langa n'kufupi, munthu akatsokomola uko kuno amamva. Kafoni kanga n'kaphokoso, mdzukulu adachita kukakwezera dala chifukwa cha makutu angawa. Mawu a mdzukulu adamveka bwalo lonse: "Kodi amakaniko agwira ntchito yawo bwino? Ngati inde, dinani loyera. Ngati ayi, dinani lofiira."

Ndidamva akamwini ataleka kutafuna.

Foniyo ikalandira yankho imalibwereza mokweza kuti wodinayo atsimikize. Ndiye kuti ikadanena pabwalo pamenepo, iwo akumva, kuti apongozi awo ati ntchito sadaigwire bwino. Ine mawu oterowo sindingawadutsitse ngakhale mwa mwana wanga. Ndidadina loyera. Mumtima ndinkati mawa ndiuza mwana wangayo mwakachetechete, iye auza mwamuna wake, akonzanso, zitha mmene zimathera nthawi zonse.

Sindidadziwe kuti ntchito ikatsekedwa, mudzi wathu umachoka pa mndandanda wa ofuna zipangizo. Patapita masiku awiri galimoto ya bungwe yonyamula mphira ndi ndodo zatsopano za mijigo idadutsa pamsewu osaima, kulunjika ku Golomoti. Mjigo udaumiratu, ndipo akamwini adalibe choikamo. Amayi adayamba kupita kumtsinje kukafukula mchenga, nyengo yake yomwe ija anthu amaopa kolera. Awiri mwa iwo, olimba pakamwa, adakwera minibasi kukadandaula ku ofesi ya bungwe ku Mtakataka. Mayi wamkulu wa kumeneko adatsegula kompyuta yake n'kuwaonetsa kuti mjigo wathu udakonzedwa kale, ntchito idatsekedwa. Amayiwo adati ndiye makina anuwo ndi abodza.

Mayi wamkuluyo adamuimbira mdzukulu. Adati Lachisanu kukhala msonkhano, ndipo ngati sadzafotokoza chimene chidatseka ntchito ya mjigo wouma, abwerera ku mapepala.

Mwanayo adabwera pakhonde nkhope itagwa. "Agogo, tsiku lija mudadina batani liti?"

Pamenepo mpamene ndikadanena. Koma akamwini adali pomwepo akupopa njinga, ndipo ine ndidati, "Ndidadina limene udandiuza."

"Lofiira?"

"Limene udandiuza, mwanawe. Ukundiyesa mwana?"

Adandikhulupirira. Akadandikayikira bwenzi zili bwinoko. Iye adati ndiye kuti cholakwa chili m'khodi, mwina makinawo akumva ayi n'kulemba inde. Adayamba kusaka. Adafufuta zonse n'kumanganso kuyambira pachiyambi. Adathamangitsa mayeso aja, mizere yonse yobiriwira. Adalemba mayeso ena atsopano, odina lofiira kambirimbiri motsatizana, ndipo nthawi zonse ntchito inkakhalabe yotsegula. Adabwereka kafoni kanga, adakatsegula kumbuyo, adapukuta mabatani ndi kansalu poganiza kuti penti uja adalowa mkati. Adakwera pachulu kukafunsa anthu akutali aja amene adalemba khodi, iwo n'kumuyankha kuti zoterozo sadazionepo.

Masiku atatu chakudya ankangotola pang'ono. Mizere yobiriwira ija, imene poyamba idamugoneka chagada ndi kuseka, tsopano ankaiyang'ana ngati yamutukwana. Ine ndinkakhala pambali ndikusenda nandolo. Kawiri konse ndidatsegula pakamwa. Ulendo woyamba mwana wanga womaliza adatulukira kudzapempha moto. Wachiwiri panalibe adatulukira, koma ndidangoti, "Imwako madzi," ndipo madzi ake adali a kumtsinje omwewo, owiritsa, onunkha utsi.

Lachisanu tidapita ku Mtakataka. Ine adandiitana monga wogwira foni, akamwini monga makaniko. Iwo adapita pa njinga, ine ndi mdzukulu pa minibasi. M'chipindamo mudali mabenchi anayi, ndipo tidapezamo ogwira mafoni a midzi inayo ndi amayi awiri olimba pakamwa aja. Akamwini atandiona adasamukira ku benchi la kumbuyo, kufupi ndi chitseko, ine n'kukhala kutsogolo nditatembenukira kukhoma.

Mayi wamkuluyo sadazungulire. Adati midzi inayi zayenda bwino, sakukana. Koma pepala likatayika, aliyense amadziwa kuti latayika ndipo amalembanso lina. Chinthu chimene chimanena motsimikiza kuti madzi alipo pamene kulibe, n'choopsa kuposa pepala. Adafunsa mdzukulu ngati wapeza cholakwika.

Mwanayo adaimirira, laputopu ili m'manja. Adati wamanganso, wayesa njira zonse zimene amadziwa, sadachipeze. Adati popeza sadachipeze sangalonjeze kuti sichidzachitikanso, ndipo ngati aganiza zobwerera ku mapepala iye amvetsa. Mayiyo adagwedeza mutu n'kuyamba kutseka kope lake.

Ine ndidaimirira, ndikuyang'anabe khoma.

"Amayi, makinawo sadaname. Adanama ndine. Ndidadina loyera ndikudziwa kuti madzi akutha."

Mayiyo adafunsa chifukwa chake. Ndidati foniyo idandifunsa ngati amakaniko agwira bwino ntchito, amakanikowo ali pomwepo akumva, ndipo amakanikowo ndi akamwini anga. Mayiyo ndi wa kuno komwe, sadafunsenso.

Kumbuyo kuja kudamveka kutsokomola. Akamwini adayankhula, osati kwa ine, koma kwa mdzukulu. "Mwana wanga, uwauze agogo ako kuti mlandu si wawo okha. Mphira watsopano ndidalibe, ndidatembenuza wakale n'kubwezera. Ndinkadziwa kuti sukhalitsa. Koma kuti mjigo wa apongozi ukhale pa mndandanda dzina langa lili pambali, anthu onse akuona, ndidachita manyazi. Ndidadina kuti ndamaliza."

Mmodzi wa amayi olimba pakamwa aja adati, "Ndiye ife takhala tikumwa matope sabata yathunthu chifukwa cha ulemu wa anthu awiri?" Ena adaseka. Ine sindidaseke, ndipo mdzukulu sadaseke.

Mayi wamkuluyo adatsegulanso kope. Adafunsa ogwira mafoni a midzi inayi ija mmodzimmodzi ngati pali ubale ndi makaniko wawo. Wina adati ndi mlamu wake, wina adati amayimba kwaya imodzi ku Mua, wina adangoweramitsa mutu. Tsono adauza mdzukulu kuti chinthu chake chikadali ndi bowo, ngakhale bowolo silili mmene iye ankafunamo. Adamupatsa masabata awiri kuti alitseke. Galimoto adalamula kuti ipite kwathu m'mawa mwake.

Ine ndi mdzukulu tidabwerera pa minibasi. Titatsika, tikuyenda m'kanjira ka m'minda, ndi pamene adati, "Masiku atatu, agogo. Munkandiona."

"Ndinkakuona."

"Mukadangondikokera kuseri kwa khola."

Ndidapitiriza kuyenda kulowera kunyumba.

Funso lija mdzukulu adalichotsa. Adajambula lina losatchula munthu aliyense, longoti, "Kodi lero pa mjigo patuluka madzi odzaza ndowa?" Adakonza kuti foni isamabwereze yankho mokweza, izifunsa masiku atatu otsatizana, ndipo izifunsa anthu awiri osiyana m'mudzi umodzi. Mmodzi akati ayi, ntchito imatsegukanso yokha. Kwa makaniko adaikako batani lachitatu lakuti ndagwirako koma zipangizo zikusowa. Zonsezi adazilembera mayeso ake. Limodzi mwa mayesowo lidali la munthu wodina inde pamene mnzake wadina ayi, ndipo ndidamumva akuuza mnzake pa foni kuti limenelo walitcha la agogo. Adamanganso, mizere itatu idafiira, adakonza, idabiriwira. Nthawi imeneyi sindidamuseke za mwamuna wake wokwiya.

Masabata awiriwo atatha bungwe lidamulemba ntchito. Adalongedza laputopu ndi kasola kake kupita ku Golomoti kukayambitsa m'midzi ya kumeneko. Asananyamuke adandiuza yekha kuti kwathu ogwira mafoni tsopano akhala akazi a aphunzitsi, amene kwawo ndi kutali, ndi mmodzi wa amayi olimba pakamwa aja. Ine wandichotsa.

Ndidati zili bwino, maso angawa atopa kale. Koma zidandiwawa. Kenaka iye adati, "Ndibwera Loweruka likubwerali. Mundisungire mango a mtengo wa kukhola, ana asamalize."