Kamunthu ka m'Telefoni ndi Madzi a Apongozi

Malasha atatchuka ku Moatize, aliyense wa miyendo iwiri anathamangira ku Tete. Inenso ndinatsika kuchoka ku Tsangano, ndinakwatira ku Mpadue, n'kukhala mkamwini pakhomo pa apongozi anga aakazi. Mapepala anga ndinawasiya pazipata za maempreza onse, makampani a malashawo, ndipo kulikonse yankho linali lomwelo: pitani, tidzakuimbirani. Ndiye ntchito yanga inali yodikira telefoni.

Telefoniyo inali yamabatani, yogula kwa munthu, ndipo mawu ake sankatheka kuchepetsa. Wokonza matelefoni pamsika anandiikiramo jogu, masewera a m'telefoni, yoti ndizitayira nthawi. Inali yooneka yachikalekale: kamunthu kopangidwa ndi timabokosi, konyamula muuni ndi lupanga, kakutsika m'phanga la pansi pa nthaka. Chipinda chilichonse chimakhala mdima mpaka utalowamo. Umafufuza kiyi, kutsegula chitseko, kupeza makwerero, n'kutsikanso. M'njira muli mileme ndi mafupa oyenda okha, ndipo zikakakhudza, kamtima kamodzi kamazima pakona. Timitima tikatha pamalira kanyimbo kachisoni, n'kukubwezera pamwamba penipeni chimanjamanja, zipinda zonse zitasinthanso. Choipitsitsa, joguyi inalibe poimitsira. Ukangochotsa chala, zilombo sizikudikira.

Anzanga akukumba malasha enieni, ine ndinkakumba m'telefoni kuseri kwa nyumba.

Nthawi imeneyo apongozi anathyoka mwendo potsika kamiyau, lole yonyamula mbatata. Mkazi wanga anatenga malo awo kumsika, pakhomo n'kutsala awirife, anthu osaloledwa kukhala mphasa imodzi kapena kuyang'anana m'maso. M'mawa mkazi wanga ankawakhazika pabwalo, pansi pa lona, nsalu ya tenti yomangirira pamitengo, poti masana a ku Tete m'nyumba ya malata simukhalika. Dzuwa likasuntha, lonayo inkafunika munthu woisuntha.

Sankanditchula dzina. Ankangolankhula ngati akuuza mphepo: "Kaya kuseriko kuli anthu? Kuno dzuwa lafika." Nthawi zina, "Kaya kuseriko kuli anthu? Madzi atha."

Ndinkasiya telefoni pamwala n'kuyankha kuti, "Ndafika, mayi." Ndisanakhote pakona, kanyimbo kaja kankalira kumbuyo kwanga. Ndinkagwada chapatali, nkhope kumbali, n'kukankhira kapu pafupi ndi mphasa. Kunja ndinali mkamwini waulemu, koma mumtima ndinkawira, chifukwa ankaitana nthawi yomwe ndafika pansi ndithu, kiyi ali m'manja.

Miyezi inadutsa, empreza yoimba osaoneka. Tsiku lina atsibweni a mkazi wanga anabwera limodzi ndi nkhoswe yanga, ndipo nkhani sinali yobisa: mkamwini wongodya abwerere kwawo ku Tsangano, mkazi atsale. Tinakhala pabwalo pomwepo, mkazi wanga atazyolika.

"Mlongo," anatero atsibweniwo, "inu ndi amene mumaswera naye. Munthuyu amachita chiyani tsiku lonse?"

Apongozi anayang'ana mwendo wawo, kenako anang'ung'udza kanyimbo kaja, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osaphonya. Sindinkadziwa kuti mawu ankadutsa khoma la nyumba chotero.

"Ali ndi kamunthu kawo m'telefoni, achimwene," anatero. "Ndimakamva kakuyenda, kakutsegula zitseko. Ndikaitana kamafa, kakafa madzi amabwera. Sindinaitanepo kawiri. Asiyeni akhale."

Nkhoswe yanga inaseka chobisa, atsibweni anapukusa mutu, nkhani inathera pomwepo. Banja langa linapulumuka, koma manyazi ake osasimbika. Bambo wandevu zake, umboni wokha womuikira kumbuyo n'kukhala wakuti amalola chidole chake kufa! Ndinalumbira kuti joguyo sindidzaigwiranso. Lumbiro lake silinakwanitse sabata.

Chinasintha n'chimodzi, ngakhale panthawiyo sindinachiganizire. Kuitana kuja kunayamba kubwera kanyimbo katalira kale. Kamunthu kakafa kokha, pomwepo ndinkamva, "Kaya kuseriko kuli anthu?" Ine ndinkangoti ndi mwayi wanga.

Kenako linafika tsiku lina m'nyengo yotentha ija mvula isanagwe, pamene ngakhale nkhuku zimayasama. Tsiku limenelo zonse zinandiyendera. Ndinapeza lupanga lalitali m'bokosi, ndinapeza botolo lobwezera timitima, mafupa aja ankangogwa. Ndinatsika kupitirira pamene ndinafikapo, makoma anasintha mtundu, kunabwera zilombo zomwe ndinali ndisanazione. Panalibe woitana. Pansi penipeni ndinapeza chitseko chachikulu ndi chinyama chochilondera. Ndinalimbana nacho mpaka chala chinachita dzanzi, ndipo chinagwa nditatsala ndi kamtima kamodzi. Chitseko chinatseguka, kunja kuli kuwala, panalira nyimbo ina yachisangalalo.

Ndinadzuka n'kukhota pakona ndikumwetulira, ndikufuna woti ndimuuze.

Mthunzi unali utathawira kukhoma kalekale. Apongozi anali padzuwa lowotcha, atafunda chitenje kumutu, mwendo wothyoka uja uli pamtetete, kapu itagubuduka pambali. Ankaoneka kuti anayesa kudzikhwekhwereza, chifukwa mphasa inali itapindika. Ndinaiwala mwambo, ndinawayang'ana kumaso. Milomo inali itauma, yoyera mbuu.

"Mayi, bwanji simunaitane?"

"Ndimamva kakuyenda bwino lero, apongozi," anatero, mawu atasasa. "Ndinati kasafe chifukwa cha ine. Katuluka?"

"Katuluka, mayi."

"Chabwino. Tsono kaya kuseriko kuli anthu? Madzi atha."

Ndinathamangira kumtsuko, koma madzi oyamba anatayikira m'njira, ndinachita kukatunganso. Empreza ina inadzandiimbira patsogolo pake, ntchito ndinagwira, ana ndalera pakhomo pomwepo, ndipo apongozi sanaitchulepo nkhaniyi kwa mwana wawo mpaka tsiku lomwe tinawaika m'manda. Koma mpaka lero mwana akamasewera pafupi nane, telefoni yake n'kulira nyimbo yopambana, ndimadzuka n'kukaona ngati pabwalo pali munthu.