Esinati anafuna kubwerera ku Kabwata

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu pamene mkulu wanga Esinati, wopondana naye, anamudula mwendo chifukwa cha khansa ya m'fupa. Bambo anali atamwalira kale, ndipo amayi ankagulitsa tinsomba ta kapenta pamsika wa Kabwata. Choncho ndikaweruka kusukulu ndine ndinkakhala pambali pa bedi lake kuchipatala, kumupukuta akasanza ndi kumuingitsira ntchentche. Fungo la mankhwala okolopera pansi ndimalimvabe.

Tsiku lina dokotala anaitanira amayi ndi amalume kuseri kwa katani. Anati matenda afika m'mapapo. Akanatha kupitiriza mankhwala a m'dilipi, omwe sakanamuchiritsa koma mwina kuwonjezera masiku, kapena kupita naye kunyumba. Katani ndi nsalu chabe. Esinati anamva zonse.

"Tisa," anandinong'oneza atatuluka, "baganiza kuti bananidula na makutu?" Tinaseka mpaka anatsokomola. Kenaka anandigwira dzanja. "Nalema na madilipi. Ukabauze ba malume nifuna nikagone pa mphasa yanga, nizimvela bana bosewela panja."

Lamulungu masana abale anasonkhana kwathu ku Kabwata. Amalume a ku Chelstone, alongo awo a amayi, ndiwo anali ndi mawu omaliza. Kwathu wodwala sauzidwa za imfa. Aliyense amamuuza kuti achira, ndipo woitchula amayesedwa kuti akuiitana. Ndinkadziwa zimenezi, komabe ndinagwada pakhomo n'kupereka uthenga monga ndinaulandirira.

"Iwe mwana, ufuna kumulosela m'bale wako?" anakalipa amalume. "Timuchose mu chipatala, bantu bakambe ati tamutaya? Choka apa!"

Amayi anangoyang'ana pansi, misozi ikugwera pachitenje.

Esinati anakhalabe m'chipatala. Akuluakulu ankabwera ndi malalanje n'kumati, "Uzachila, sukulu ikuyembekeza." Iye ankayankha mwaulemu kuti, "Inde, ba malume," n'kutembenukira kukhoma. Wodwalayo ndiye ankatonthoza odzamuona. Omwe ankalankhula naye zoona anali atsikana a m'kalasi mwake. Mmodzi, Mutinta, anamufunsa mosabisa, "Uyopa?" Esinati anati, "Pang'ono chabe. Koma niyopa maningi kufela pano." Tonsefe, ana osaloledwa kulankhula pabwalo, tinkaona kuti akunena zanzeru.

Anamwalira m'mawa wina ine ndili m'kalasi, amayi ali pamsika. Mayi wodikirira wodwala wa bedi loyandikana ndi lake, munthu wosamudziwa ngakhale dzina, ndiye anamutseka maso.

Ine sinditaya mapepala, ndipo a matenda ake ndili nawo onse. Pali dzina la dokotala, siginecha ya amalume, chidindo cha chala cha amayi. Palibe mzere ndi umodzi womwe wofunsa mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wodziwa kuwerenga kuposa onse a m'nyumba mwathu, kuti iye akufuna chiyani.

Amalume anapita kalekale, ndipo lero ndine wamkulu kuposa mmene iwo analiri tsiku lija. Ndazindikira kuti sanali ankhanza. Ankaopa imfa, ankaopanso pakamwa pa anthu. Koma mkwiyo sunandichoke, chifukwa bodza lakuti "uzachila" silinkateteza Esinati. Linkateteza ife otsala. Iye anasenza yekha zomwe ankadziwa, m'chipinda chomwe anapempha kuti timuchotsemo.