Kalata ya Esinala inali m'chikwama changa

Ndinadzuka kusanache, ngati kuja ndingakutche kugona. Ndinali nditatsamira khoma m'nyumba ya siwa ku Chigumula, miyendo itachita dzanzi, chikwama changa chakuda nditachipana m'khwapa. Bokosi la mng'ono wanga Esinala linali pakati pa balaza, kandulo imodzi ikuthera kumutu kwake. Azimayi anali atagona mothithikana pa mikeka, aliyense atafunda chitenje mpaka kumaso, chifukwa chiperoni cha mu Julaye chinkalowera ndi pansi pa chitseko pomwe.

Chimene chinandidzutsa si kuzizira ayi, koma kuti zii kwa m'nyumbamo. Ine maliro ndagonera ambiri. Ndine mkulu wa mpingo zaka khumi ndi zinayi tsopano, ndipo ndimadziwa kuti m'bandakucha ndi pamene amayi a mpingo amayambanso nyimbo. Koma pa maliro a Esinala panalibe nyimbo. Wina akati ayambitse, mnzake amamutsina. Esinala anali wodulidwa mu mpingo, ndipo lamulo lathu aliyense amalidziwa: wodulidwa sitimuimbira, amayi savala yunifolomu, abusa savala kolala. Timabwera kudzakhuza ngati anansi basi.

Anadulidwa zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo, atakwatiwa ndi Che Saidi, Msilamu woyendetsa minibasi ya Limbe ndi Bvumbwe. Ukwatiwo unali ndi ankhoswe mbali zonse, koma sunalowe m'tchalitchi. Esinala sanalowe Chisilamu, ndipo amuna ake sanamukakamize. Lamlungu lililonse ankamutsitsa pa geti la tchalitchi, iye n'kukakhala pa benchi yakumbuyo, ikafika nthawi ya Mgonero n'kutuluka pamodzi ndi ana. Zaka zonsezo! Ine ndi kamwa langali sindinamusiye. Ndinkamuuza kuti mpingo ndi khola, nkhosa yogona kunja ndi ya afisi, ndipo chipulumutso sachitola pa benchi yakumbuyo. Tsiku lina pa chinkhoswe cha mwana wa asuweni athu anandiyankha pagulu kuti, "Achemwali, makiyi akumwamba anakusungitsani ndani?" Anthu anaseka. Ine sindinaseke, ndipo sindinaiwale.

Mu Febuluwale abusa analengeza kuti odulidwa chifukwa cha ukwati akhoza kubwerera, bola ukwatiwo uli ndi ankhoswe. Chofunika chinali kalata yopempha, yodzera kwa mkulu wa mpingo, kuti akaiwerenge pa bwalo la akulu lomwe limakhala mwezi ndi mwezi. Esinala anabwera kwanga ku Kanjedza, anagwada pakhomo la khitchini, n'kundipatsa envulopu ndi manja awiri. Ndinailandira, ndinaiika m'buku langa la nyimbo. Mumtima ndinati, eya, makiyi aja lero wawafuna eti, adikire kaye mwezi umodzi amve kuwawa kwake. Bwalo la Malichi linadutsa. La Epulo linadutsanso. Akandifunsa ndinkati akulu amachedwa, za mpingo sathamanga nazo. Kenaka zinayamba kundikulira, poti ndikanafotokoza bwanji kuti kalata ya Febuluwale ikufika mu Juni? Lachiwiri la sabata ya maliroyo Esinala anagwa pa benchi yake ya zitenje mu msika wa Limbe, ndipo Lachitatu m'mawa anatisiya. Kalata ija inali m'buku la nyimbo, bukulo m'chikwama, chikwamacho m'khwapa mwanga.

Kutayera pang'ono ndinatuluka. Amuna anali atazungulira chitsa chimene chinayaka usiku wonse, ena atavala zisoti zoyera, ena majekete a ku ofesi, onse akuwotha moto umodzi. Kuseri kwa nyumba, m'kamunda momwe Esinala anakolola chimanga chake mu Meyi, azimayi anali ataika mafuwa pakati pa mapesi. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unkangokwawa pansi, ndipo mayi wina wonenepa ankakalipira aliyense kuti kabichi akumudula ngati wodyetsa nkhumba. Ndinapita kukathandiza kusankha nyemba kuti manja akhale ndi chochita. Mayi uja anati, "Mayi, ikani chikwamacho m'nyumba, kuno kulibe akuba." Ndinati muli mankhwala anga a BP.

Anthu anayamba kufika dzuwa lisanaoneke, ndipo tsiku limenelo silinaoneke n'komwe. Madalaivala ndi makondakitala anaimika maminibasi awo kumsewu, pafupi ndi masamba amene tinaika osonyeza zovuta. Amayi a mu msika anabwera gulu limodzi, zitenje zofanana. A mpingo anabwera awiriawiri, atavala zakunyumba. Ndinaona atatu atanyamula majumbo, m'kati mukuoneka bulauzi yoyera yopindidwa bwino. Anabwera nazo poganiza kuti mwina zinthu zisintha.

Cha m'ma naini abusa anafika atavala jekete yotuwa, khosi lili pamtunda. Che Saidi anapempha kuti tipite pambali, iwo, abusa ndi ine. Alamu angawa ndi munthu wosayankhula zambiri. Kwawo maliro sagona, munthu akamwalira m'mawa madzulo amakhala ataikidwa. Koma iwo anadikira mpaka Lachisanu, tsiku lawo la mapemphero, abale awo akung'ung'udza, kuti mkazi wawo aikidwe ndi mpingo wake. Anavula chisoti n'kunena kuti, "Abusa, mayiwa anali anu. Ine ndinkangowasunga. Palibe chimene mungachite?"

Abusa anapukusa mutu. "Bambo, inenso mtima ukundiwawa. Mayiwa ndinkawaona kumbuyo kuja sabata iliyonse. Pakanakhala ngakhale kapepala kosonyeza kuti anapempha kubwerera, ndikanaimbira akulu anzanga pompano, amayi akanavala, mwambo tikanauchita wonse. Koma kwa mlembi wa mpingo kulibe kanthu." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Mayi, inu ndinu mkulu wa mpingo komanso mchemwali wawo. Sanakusiyireni kalikonse?"

Abale inu, zipi ya chikwamacho inali pansi pa chala changa. Kunali kungokoka basi. Koma ndinaona deti la Febuluwale pamwamba pa kalatayo, m'malemba a Esinala opendekeka aja. Ndinaona abusa akuwerenga, akulu anzanga akuuzana pa foni, amayi amene ndimawaphunzitsa Lachinayi lililonse akunong'onezana m'mapesi muja. Ndinaganiza za dzina langa, mng'ono wanga ali m'bokosi.

"Ankangonena pakamwa, abusa," ndinatero.

Che Saidi anandiyang'ana, anayang'ana chikwama changa, kenaka anayang'ana pansi n'kuvala chisoti chawo. Abusa anati pepani. Amayi atatu aja atamva, majumbo awo anawakhalira.

Nthawi yoona nkhope itakwana, mzere unatuluka pakhomo mpaka kukafika pa mpanda wa aneba. Esinala anamuveka diresi la buluu ndi duku wamaluwa. Ndavekapo akazi ambiri duku woyera m'bokosi, ena oti m'tchalitchi ankabweramo pa Khirisimasi pokha koma khadi yawo ya mpingo inali bwinobwino. Ndinalira mokuwa, mpaka amayi awiri anandigwira m'mapewa. Wina anati, "Ankakondana ana awa." Mawu amenewo anandibaya kuposa chitonzo.

Panja kunali kukuwaza kamvula kosalekeza kaja. Anthu anakhala pansi pa matenti awiri, otsala anaima ndi maambulera. Atayankhula a kubanja ndi a mu msika, abusa anaimirira opanda kolala, opanda kwaya. Sanachedwe. Anati mpingo unapatsidwa ntchito yophunzitsa, kubatiza, kudyetsa anthu pa gome ndi kulanga olakwa, ndipo ntchito imeneyo si yamasewera. Koma anati si mpingo umene unafera anthu pamtanda. "Ife tili ndi mabuku athu ku ofesi," anatero, "ndipo Mwini mpingo ali ndi lake. La ku ofesi ndaliwerenga. La Iyeyo sindinalionepo." Akulu ena anakhosomola, osakondwa. Amayi a mu msika anavomera chapansipansi.

Ine mawuwo sananditonthoze ngakhale pang'ono. Ngati abusa ankanena zoona, ndiye kuti zaka makumi awiri ndi ziwiri ndinkaopseza mwana wa mayi anga ndi afisi amene kulibe. Ngati zoona zinali zimene ndinkaphunzitsa ine, ndiye kuti nkhosa inabwera yokha pakhomo la khola, inagwada, ndipo amene anatseka chitseko ndine. Kulikonse kumene ndinatembenukira ndinapezako nkhope yanga.

Bokosi analikweza pa lole ya mnzawo wa Che Saidi. Maminibasi asanu ndi awiri anatsatira pang'onopang'ono, opanda hutala, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona makondakitala atatseka pakamwa. Pamene msewu unathera tinatsika n'kuyenda wapansi, amuna akulandizana bokosi pa kanjira koterera. Simudziwa kutalika kwa njira ya kumanda mpaka mutaiyenda popanda nyimbo. Kunkangomveka mapazi m'matope ndi mvula pa maambulera. Mayi wina wachikulire kumbuyo kwanga anayamba kung'ung'uza nyimbo ina ya Mgonero, milomo ili chitsekere. Anafika pakati, anaona kuti ali yekha, n'kusiya.

Kumanda abusa anapemphera mwachidule. Adzukulu atatsitsa bokosi, amuna a zisoti zoyera anavula nsapato zawo zabwino n'kulanda mafosholo, madalaivala nawo akudikira mpata. Dothi lofiira linali lolemera ndi madzi, ndipo sanapume mpaka mtumbira utakwera. Poika nkhata anaitana amuna a malemu, ana, kenaka anati, "Achemwali a malemu." Mayi wina anatambasula dzanja kuti andigwirire chikwama. Ndinakana. Nkhata ya mng'ono wanga ndinaiika ndi dzanja limodzi, iye amene anandipatsa kalata yake ndi manja awiri.

Pofika madzulo anthu anali atabalalika. Matenti anapasula, mipando yobwereka anaisanjikiza pakhonde, ndipo m'mapesi munangotsala mafuwa akuda ndi phulusa lonyowa. Ana a Esinala anaperekeza azakhali awo kumsewu. Ndinatsala ndekha pa balaza, pamene panali bokosi pakuonekabe madontho a kandulo. M'chipinda ndinkamva Che Saidi akupemphera chapansipansi pa mkeka wawo. Atamaliza anatuluka ndi jumbo, n'kuiika pa tebulo patsogolo panga.

M'katimo munali bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku woyera, zonse zatsopano, ulusi wa telala ukadali m'mphepete. "Anasoketsa mu Malichi," anatero. "Ankaziyesa pa galasi ine ndikapita ku ntchito. Ankaganiza kuti sindikudziwa."

Ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa buku la nyimbo, ndinasolola envulopu ija n'kugwada nayo pa simenti. "Alamu, kalata ya Esinala sinafike kwa akulu. Ndinaisunga ine. Dala. Ndipo m'mawa muja ndanama pamaso pa abusa."

Ndinkayembekeza kuti akuwa, kapena andithamangitsa pakhomo pawo, ndipo zikanandipepukira. Iwo sanailandire n'komwe kalatayo. Anakhala pa mpando, manja pa mawondo.

"Ndikudziwa, alamu. Nayenso ankadziwa. Mu Meyi anakafunsa kwa mlembi wa mpingo, anamuuza kuti sanalandire kalata iliyonse. Anabwera kuno analira usiku wonse. Ine ndinati lemba ina, upatse mkulu wina, akulu si achemwali ako okha. Anakana. Anati akapereka kwa wina, anthu afunsa chifukwa chake, ndipo achemwali achita manyazi. Anati mukakonzeka mupereka nokha. Anandilumbiritsa kuti ndisadzakufunseni, ndiponso ndisadzauze munthu." Anakweza maso n'kundiyang'ana. "M'mawa muja ndinayang'ana chikwama chanucho. Ndinati mwina lero."

Che Saidi anaimirira, anakankhira jumbo ija kwa ine, anati m'nyumba muno mulibe wina woti azivale, n'kutuluka kukathandiza aneba kunyamula mipando.

Ndinakhala pa simenti pomwepo mpaka kunja kunayamba kuda. Mvula inali itasiya, madzi akungodontha kuchokera pa malata. Kenaka foni yanga inalira m'chikwama. Unali uthenga wa mlembi wa mpingo, wopepesa za zovuta, komanso wondikumbutsa kuti Lamlungu kuli Mgonero ndipo dzina langa lili pa ogawa chikho. Anafunsa ngati ndikwanitse. Ndinayang'ana bulauzi ya Esinala pa tebulo, kalata yake ili pa miyendo panga. Ndinalemba kuti Lamlungu ndibwera molawirira, ndili ndi kalata yoti abusa awerenge, ndipo chikhocho apatse wina. Ine ndikakhala pa benchi yakumbuyo.