Oyimba Onse Anali ndi Zaka 78

Ine pa malonda sindigonja. Funsani aliyense amene anaimikapo galimoto pamsewu wa ku Dedza kuti anenerere kachewere wanga, akuuzani kuti anadzera ndowa imodzi koma anachoka ndi ziwiri, akundithokozanso. Luso limeneli ndinabadwa nalo. Malonda anga oyamba ndinachita ndili Sitandade 4, m'nyengo yachisanu, ndi atsibweni anga a Gerevazio.

Chisanu chimenecho ndimachikumbukira ndi fungo la mafuta a makina osokera. Chimanga chinali chitalowa m'nkhokwe, nkhungu inkatsika m'phiri n'kugona pamudzi pathu ku Bembeke mpaka dzuwa litakwera, ndipo ife ana miyendo inali mbuu, zidendene zili ming'alu yokhayokha. Masana atsibweni ankatulutsa galamafoni yawo pakhonde kuti iwothe nawo dzuwa, n'kuidontheza timafuta tija. Anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni ine ndisanabadwe. Mbale zake zinalipo zisanu ndi zinayi, zakuda, zolemera, zosungidwa m'nsalu ya pilo. Tsiku limene ndinauza amayi kuti ndikukapukuta mbale kwa atsibweni, anayang'ana kumwamba n'kuthokoza Mulungu kuti mwana wasintha.

Nyimbo iliyonse inkayamba ndi kuthetheka, ngati chimanga chokazinga m'phale. Kenako inkalowa banjo, gitala akutsatira pambuyo, ndiyeno mawu a amuna oyimba ngati ali m'chitini kutali kwambiri. Zambiri zinali za Chizulu, ziwiri za Chinyanja chakale. Amayi opita kudimba ankachepetsa liwiro pofika pamenepo, makhasu ali paphewa, chiuno chikuvomera chokha.

Ine chimene ndinkafuna chinali chimodzi basi: kupukusa chogwirira cha galamafoni ija. Panalibe mwana amene analoledwapo kuchikhudza. Ndiye tsiku lina ndinamva atsibweni akudandaula, mbale ili pamphuno, kuti maso awo anatsala m'fumbi la mgodi, zolembedwa pakati pa mbale sakuzionanso. Pomwepo ndinaona msika.

"Ndizikuwerengerani ine, atsibweni, koma muzindilola kupukusa."

"Mbale imodzi, kupukusa kamodzi."

"Ayi, mbale ili ndi mbali ziwiri."

Anabuula ngati ndawazula dzino. "Mfana iwe, udzagulitsa ndi mudzi womwe. Chabwino."

Vuto linali lakuti Chingerezi changa chinkathera pa kupempha aphunzitsi kuti ndikataye madzi. Chizulu ndiye musanene. Pambale yonse chimene ndinkatha kuwerenga chinali nambala imodzi, 78. Ndinatsokomola monga amachitira akatekisi, n'kulengeza kuti woyimbayo anali ndi zaka 78. Poti pepalalo linali ndi mawu enanso, ndinawonjezera kuti mkuluyu anapita ku Joni pa njinga, banjo atamangirira kumsana, ndipo panjira anakumana ndi mkango. Nditatenga mbale yachiwiri, nambala ija inali pomwepo.

"Nayenso 78?" anafunsa atsibweni.

"Nayenso. Anabatizidwa tsiku limodzi."

Anagwedeza mutu modabwa, ine n'kupukusa. Masabata anapita choncho. Anzanga ankakhala pansi pa khonde akukukuta chimanga chokazinga, akundiyang'ana mwansanje. Mkono unkawawa mpaka m'khosi, chifukwa ukangofooka pang'ono nyimbo inkayamba kukoka, woyimba n'kumalira ngati ng'ombe yodwala. Atsibweni, atatambasula miyendo padzuwa, ankangofuula kuti, "Pukusa, nkhalamba yako ikufa!" Kupukusa ndinkapukusa ndithu, mtima uli mbee kuti ndawadya akuluakulu.

Ndiyeno kunabwera Agnesi, mwana wawo, kudzachita tchuthi kuchokera ku sekondale. Anamvetsera nkhani ya mkango mpaka pakati, kenako anandilanda mbale m'manja. Anawerenga mokweza dzina la nyimbo, chilankhulo chake, ndi dzina la kampani. Mkango munalibe, njinga munalibe. Ndipo 78 uja, anatero, ndi kuchuluka kwa maulendo amene mbale imazungulira pa mphindi imodzi. Anzanga anagubuduka m'fumbi ndi phwete. Ine ndinasiya chogwirira chija pang'onopang'ono, ndikudikira kuti andithamangitse pakhondepo mpaka kalekale.

Atsibweni anakanda ndevu. "Agnesi, zakozo n'zoona, koma n'zazifupi. Mbale yonseyi mawu anayi okha? Mfana, pitiriza. Nkhalamba ija mkango inauchita bwanji?"

Ndinapitiriza. Nkhalamba inauyimbira mkango mpaka unagona, ndipo ine ndinapukusabe mpaka mphepo ya Ogasiti, pamene masingano a galamafoni anatha m'kachitini kake.

Nditakula ndinagula buku lopanda chikuto kwa wogulitsa mabuku akale ku Lilongwe, titakangana mtengo mpaka mnyamatayo anapempha madzi. Linali lonena za nyimbo zoyamba kujambulidwa pa mbale kuno kummwera kwa Afirika. Ndinaliwerenga pang'onopang'ono pambali pa ndowa zanga, makasitomala akasowa. Nkhalamba zanga zija, ndinapeza, ambiri anali anyamata aulendo ngati atsibweni, oyimba ataweruka kuntchito, ena mayina awo n'kulembedwa molakwika, ena osalembedwa n'komwe. Ndinawamvera chisoni, komanso ndinaseka kuti ine ndinawapatsako mbiri, ngakhale yabodza.

Nditapita kumudzi ndinawafotokozera amayi momwe ndinapusitsira malemu achimwene awo osaona aja. Amayi anaseka mpaka anakhala pansi. Anati atsibweni ku mgodi anali kalaliki, Chingerezi ankachiwerenga kuposa aphunzitsi athu, ndipo mpaka imfa yawo ndi amene ankawalowetsera ulusi pa singano. Chimene chinkawavuta chinali phewa lakumanja, chogwirira chija sankathanso kuchipukusa.

Ndiye werengerani nokha. Iwo anapeza wopukusa waulere, n'kulandiranso nthano tsiku lililonse ngati basera. Ine ndinachoka ndi mkono wowawa ndi nyimbo za m'mbale zisanu ndi zinayi, zimene mpaka lero zimandilirira m'mutu ndikamapakira kachewere m'mamawa. Inu mukuona kuti anadya mnzake ndani?