Mawondo a mng'ono wanga

Ine nsanje ndili nayo, sindibisa ayi. Ena amachitira nsanje nyumba ya malata kapena mwamuna wa mnzawo. Yanga ndi ya mawondo a mng'ono wanga.

Bambo a ana anga atamwalira anandisiyira moshila ya kuusilikali, chikwama chija chobereka kumsana ngati mwana. Ndinkaidzaza nyemba ndi mtedza n'kuyenda wapansi kuchoka kwathu ku Mualadzi mpaka ku Cassacatiza, kugona panjira, pobwera nditabereka mchere ndi sopo. Zaka ndi zaka. Pokwera mtunda umangopuma wefuwefu, koma potsetsereka katundu yense amatsamira pa bondo, ndipo m'pamene ndinathera. Mng'ono wanga ankapitanso, inde, koma atakhala phee kumbuyo kwa njinga ya mwamuna wake. Akandipitirira ankakweza dzanja, ine fumbi lili m'kamwa.

Lero mawondo anga ndi otupa ngati maungu. Anamwino anandiuza kuti mafuta a m'mfundo anauma ndipo sadzabwerera. Kuyenda ndimayenda ndi ndodo, kulima ndimalimako pang'ono. Chimene chinandikanika ndi kugwada. Mkazi wamkulu ngati ine, kupereka madzi kwa alendo chiimirire ngati msilikali!

Chaka chatha mwana wanga wamkazi, yemwe ndinamuphunzitsa ndi moshila ija, anapeza mwamuna wa ku Nsadzo. Tsiku la chinkhoswe litayandikira ndinayamba kuyeserera kuseri kwa nkhokwe, nditagwira mtondo. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: kuti asewere anga, amayi a mnyamatayo, akafika ndiwagwadire ndekha, adziwe kuti wobala mwanayu ndi ine. Sabata yathunthu ndinkatsika pang'onopang'ono, misozi ili chuchuchu, mpaka bondo limodzi linayamba kukhudza pansi.

Alendo anafika dzuwa lili pamutu, tinawayalira mphasa pansi pa mango. Ine ndili m'kati mofunafuna poika ndodo, mng'ono wanga anali atafika kale. Anangogwada, mawondo onse awiri pamodzi, mopepuka ngati mtsikana, manja akuomba. Asewere sankatidziwa. Anatulutsa nsalu ya kapulana yatsopano m'thumba, yamaluwa achikasu, n'kumufunditsa paphewa, akuthokoza kuti walera bwino mwana. Akazi anayamba nthungululu.

Ndinadikira kuti mng'ono wanga anene kuti mayi wa mwanayo si iye. Mulungu ndi mboni, ndinadikira. Iye anangowerama akumwetulira, akusisita nsaluyo. Mwina zinali manyazi, mwina zinamukomera. Ine ndimati zinamukomera.

Mtima unandiwira. Ndinaponya ndodo uko, n'kudziponya pansi osagwira kanthu. Bondo la kumanja linalira moti ngakhale ankhoswe anatembenuka. Ndinati, "Mayi wake ndine." Mawu anatuluka aukali ngati ndikuthamangitsa mbuzi m'munda.

Asewere anachita manyazi, anapepesa kawiri katatu. Mng'ono wanga anavula kapulana msangamsanga n'kundifunditsa. Moni unatha, anthu anayamba kusuntha kuti mwambo upitirire, koma ine kudzuka kunakanika. Ndinayesa ndi dzanja, ndinayesa chammbali, zii. Mudzi wonse ukuyang'ana. Amene anabwera kudzandigwira m'khwapa n'kundinyamula ndi yemweyo mng'ono wanga, osachita wefuwefu n'komwe. Anandinong'oneza kuti, "Pepani akulu, ndimati ndikupepuzeni." Chinandiwawa koposa n'chakuti mwina amanena zoona.

Ndinagona masabata awiri bondo litamangidwa nsanza zonyowa. Mng'ono wanga ankabwera m'mawa uliwonse kudzanditungira madzi ndi kusesa pabwalo. Akagwada pamoto kukoleza nkhuni, ine ndinkangoyang'ana mawondo akewo, osalala, opanda chipsera, ndipo phala limene wandiphikira silinkatsika.

Ukwati wa kutchalitchi utatsala masiku ochepa, mwana wanga anabwera kudzakhala pamphasa pafupi nane. Anandidzoza mafuta pabondo. Kenaka anati, maso ali pansi:

"Amayi, tagwirizana ndi ankhoswe. Tsiku la ukwati inu tidzakuikirani mpando kutsogolo. Zolandira alendo adzachita amayi aang'ono."

Ndinamufunsa ngati ndi maganizo a ankhoswe kapena a mng'ono wanga.

"Ndi anga, amayi."