Mathero Amene Munandinamiza

Achemwali, lero ku Actonville ndapeza buku lija patebulo la mabuku akale, lija la mtsikana amene bambo ake ankamutsekera m'nyumba chifukwa cha chipembedzo. Munkalibisa m'thumba la mapegi oyanikira zovala, poti kwathu ku Wattville bambo ankati mabuku a nthano ndi mankhwala a kuchipatala zonse n'za Satana. Tikamayanika zovala munkandimasulira m'Chichewa monong'ona, ine nditagwira ndowa. Tsiku lina ndinafunsa kuti, "Ndiye athawa?" Munatseka bukulo n'kuseka. "Iwe, wakwera kale tekisi, bambo ake atsala akukuwa pageti!" Ndinavina mpaka ndinagwetsera m'fumbi malaya oyera amene bambo ankavala kutchalitchi.

Lero ndawerenga ndekha tsamba lomaliza, chiimirire pomwepo. Mtsikanayo sathawa ayi, achemwali. Amafera m'chipinda anthu akumupempherera, monga munapitira inu chifuwa chija chitakula, bambo atakanitsitsa zoti tipite nanu kuchipatala. Mathero enieni munkawadziwa, koma ine munandipatsa tekisi. Ndinadzaikweradi nditakula, ndipo kwathu sindinabwerereko. Mpaka pano m'tekisi sindikhala pampando wa pawindo. Ndi wanu.