Timabotolo ta Amayi pa Zenera la Adona

Fulasiki yofiira ija ndimaikumbukabe, ya chivindikiro chong'aluka. Chilimwe chimenecho sinalawe tiyi. Ntchito yake inali kunyamula jakisoni wa amayi.

Tinali matenanti pa esiteti ya fodya ku Kapelula, ine ndisanagulule n'komwe mano onse a ubwana. Amayi anali ndi khansa ya m'bere, ndipo inali itafalikira kale. Diripi imene ankalandira ku Lilongwe inkamenya khansayo, koma inkaphanso asilikali a m'magazi. Choncho anamwino anawapatsa timabotolo ta jakisoni wodzutsa asilikali atsopano m'mafupa, n'kuwaphunzitsa kudzibaya pantchafu. "Timabotoloti tizikhala pozizira," anatero. "Asilikali akachepa, diripi yotsatira simulandira."

Firiji pa esiteti yonse inali imodzi, kunyumba kwa abwana. Abambo anakagwada, abwana n'kulola. M'mawa, ena akuthirira nazale, ine ndinkathira madzi a mumtsuko m'fulasiki n'kuthamanga kukatenga kabotolo kamodzi. Amayi akadzibaya, mafupa ankawawa koopsa. Ankaluma chitenje atagwira m'chiuno, ine n'kumadana nato timabotoloto.

Ulendo wina amayi atabwerako ku Lilongwe, adona, akazi a abwana, sananditsegulire firiji. Anandilozera pazenera la kukhitchini. Timabotolo tinali pamenepo m'jumbo, padzuwa la Okutobala lija lowotcha mapazi. "Za khansa sizingagone pamodzi ndi nyama ya ana anga," anatero. "Mungatipatsire."

Mpaka lero mawu amenewo sindinawaiwale. Mayi wophunzira, wotsogolera nyimbo kutchalitchi! Khansa sipatsirana, ndipo namwino aliyense akanawauza. Ngati anali mantha enieni, bwanji osauza abambo kuti tikafune kwina? Ayi, iwo ankapereka moni wosekerera, mankhwala akupsa pazenera, mabotolo a mowa wa amuna awo akuzizira bwinobwino m'firijimo. Sindinawakhululukire, ndipo musandipemphe kutero.

Kunyumba sindinaone chifukwa chonenera za pazenerapo. Kabotolo kanali komweko, ndipo m'madzi a mumtsuko kankafika kozizira monga masiku onse.

Tsiku la diripi litakwana, ku Lilongwe anayeza magazi n'kupeza asilikali ali ochepa. Amayi anabwezedwa osalandira kanthu. Anafika milomo ili yong'ambika, thupi likutentha ngati mbaula, ndipo sanadzukenso pamphasa. Mvula yoyamba itagwa, anzathu ankawokera fodya, ife tili kumanda.

Koma sabata ija ya timabotolo ta pazenera, mafupa a amayi sanawawe. Anagona osabuula, chitenje osachiluma. Ine ndinauza aphunzitsi monyadira kuti amayi achira. Kenako ndinatola mazira a kathazi kanga, n'kuwakulunga m'tsamba la fodya, kukapereka kwa adona ndi manja awiri, nditagwada, pothokoza kuti anatisungira bwino jakisoni.